Mutu 5: Kumene Khutu Silifika

1. Kakhadi ka m'kabati

Mayi ake a Timba sanasiye zinthu zambiri. Anasiya nsalu zingapo, nsapato zopindika chidendene, ndi kakhadi kosungamo nyimbo, kakang'ono ngati chikhadabo. Kankakhala m'kabati, m'kapu yothyoka chogwirira, kuseri kwa mbale za alendo.

Timba silinali dzina lake lenileni. Anabadwa wochepa ngati kambalame kotchedwa timba, ndiye dzinalo linamukakamira mpaka kusekondale.

M'kakhadimo munali nyimbo imodzi yokha. Anaiyimba a kwaya ya mayi akewo, matenda asanawagwire. Mayiwo ankagwira ntchito yosesa ndi kutsegula zitseko pa sukulu ya ana aang'ono, ndipo akaweruka ankathamangira ku kwaya osadzera n'kunyumba komwe. Anali munthu woseka, abale inu. Akalowa m'nyumba ngakhale mphaka ankadzuka.

Nyimbo yomweyo inalinso m'foni ya Timba. Maliro atatha anaimvetsera mpaka makutu kutentha. Ankafuna mawu a mayi ake. Koma kwaya ndi kwaya. Anthu ambirimbiri atsegula pakamwa nthawi imodzi, mawu onse asakanikirana ngati madzi a mumtsinje. Ndani angaloze kuti dontho ili ndiye lagwa padenga lakwathu?

Tsiku lina anazula zomvetsera m'makutu n'kuziponya pabedi.

"Amayi mulibemo umu," anatero.

Kuyambira pamenepo sanaitsegulenso.

2. Lonjezo

Mnzake wa Timba anali mtsikana wina amene onse ankamutcha Nyenje, chifukwa akayamba kulankhula sankapuma. Iyeyu ndiye ankatsogolera gulu lawo lovina kusukulu.

Kusukuluko kunali mpikisano wa magule. Aphunzitsi anati gulu lililonse libweretse nyimbo zake pakhadi, chifukwa sipika ya sukulu sinkagwirizana ndi mafoni. Gulu la Nyenje linalibe khadi.

"Tifa ndi manyazi," anatero Nyenje. "Anzathu azivina, ife tiziwomba m'manja ngati azakhali a mkwati."

"Ine ndili nayo khadi," anatero Timba pamaso pa gulu lonse. "Muli nyimbo imodzi, koma yadzaza malo onse. Tikaifufutitsa kwa a Mawaya, atiikire zathu."

Mpikisano unali mawa lake. Ataweruka, atsikana awiriwo anadzera kunyumba kwa Timba. Nyenje anatsala panja. Timba atangotsegula kabati, kapu inagunda mbale, ndipo agogo ake aamuna anasuzumira pakhomo.

Agogowa anali bambo wa malemu. Moyo wawo wonse anali osula zidebe ndi zitseko zachitsulo, ndipo nyundo inawadyera makutu. Ankamva ukawalankhulira pafupi. Koma maso anali nawo.

"Ukupita nako kuti kameneko?"

Timba anawafotokozera mokweza. Agogo anakoka mpando n'kukhala.

"Mdzukulu wanga, ima kaye. Ine sukulu sindinapite nayo patali, za makhadi sindizidziwa. Koma chitsulo ukachidula molakwa umachiwotcherera, chimagwira. Nsalu ikang'ambika umaisoka. Zilipo zina zimene ukazifufuta ndiye basi, ulibe kokazitola. Mayi ako kanthu aka anabwera nako akuthamanga, thukuta lili kamukamu, amvekere, 'Ababa, musataye.' Mwana amene ankataya maambulera mwezi ndi mwezi, koma aka anakasunga. Iwe ukuti mulibemo chifukwa sukumumva. Nanga ine? Mbalame za mumtengo uwo ndinasiya kalekale kuzimva. Ndiye ndinene kuti mbalame zinaleka kulira? Ndimaziona zikutsegula milomo m'mawa uliwonse. Khutu ndi kakhomo kakang'ono, mwana iwe. Si zonse zimene zimakwanira kulowa."

"Agogo, nyimboyo ili m'foni. Sikuti itayika."

"Wati chiyani?"

"Ndati ili m'foni!"

Panja Nyenje anali akuitana. Timba anafumbata kakhadi kaja n'kutuluka. Agogo sanamuthamangire. Anangotsala akuyang'ana kapu yopanda kanthu.

3. Kwa a Mawaya

A Mawaya ankagwira ntchito kuseri kwa shopu yometera, ukadutsa kanjira kopapatiza konunkha sopo. Ankajambula makwaya ndi maukwati, komanso kuikira anthu nyimbo m'makhadi. Kachipinda kawo anakamata matileyi a mazira khoma lonse kuti phokoso lisamalowe. Pachitseko anakhomerapo bulangeti. Mawaya ankalendewera pamisomali paliponse, ena mpaka m'khosi mwawo, n'chifukwa chake dzinalo.

"Odi, a Mawaya!" anatero Nyenje. "Tabwera ndi ntchito yachangu. Mufufute izi, muike zathu."

"Iwe ukalowa muno makina onse amadzitsekera okha," anatero a Mawaya. "Bweretsa."

Analowetsa kakhadi m'kompyuta. Atangoona zimene zinatuluka, anakweza magalasi awo n'kumuyang'ana Timba.

"Iwe ndiwe mwana wa mayi afupi aja a kwaya? Oseka aja?"

"Eya."

"Pepa, mwanawe. Ndinamva mochedwa."

Kenako anati, "Nyimbo iyi ndinaijambula ndine, m'holo ya tchalitchi chawo. Tsiku limenelo ndinabwereka makina a mphwanga. Iyeyo ntchito yake ndi yojambula kulira kwa mileme ndi mbalame, ndiye makina ake amatola mawu amene anga satola. N'chifukwa chake nyimbo imodzi yadzaza khadi yonse. Ndifufuta ngati ukufuna, khadi ndi yako. Koma munthu asanataye chikwama amayamba wapisa m'matumba onse. Sendera kuno."

4. Mzere

A Mawaya anadina apa ndi apa. Pakompyuta panaoneka chithunzi chachilendo. M'munsi munali mofiira ngati moto wolusa m'tchire. Kumwamba kunali kwakuda.

"Iyi ndi nyimbo ija," anatero. "Makinawa amatha kuijambula kuti uione ndi maso. Mawu ndi mpweya umene ukunjenjemera. Ukanjenjemera pang'onopang'ono, timamva mawu aakulu ngati a ng'oma. Amenewo ali pansi apa. Ukafulumira, timamva mawu aang'ono ngati a udzudzu. Amenewo ali pamwambapa. Moto wonsewu ndi kwaya."

Kenako anatenga pensulo n'kuigoneka chopingasa pagalasi la kompyuta, pamwamba pa moto uja.

"Apa ndiye pamene khutu la munthu limati, ine ndalekera pano. Lanu la ana limafika apa. Langa linatsika kale, lili cha apa. Koma mawu sathera pamzerewu ayi. Amapitirira. Galu amamva ena a kumtundaku. Mleme ndiye amayendera omwewo mumdima. Ifeyo timangodutsa pansi pake ngati anthu oyenda pansi pa mlatho, osadziwa kuti pamwamba pakudutsa chiyani."

"Nanga ya m'foni yanga?" anafunsa Timba.

"Ya m'foni ndinaichepetsa ndine kuti ikwane. Pochepetsa, makina amadula zonse za pamwamba pa pensuloyi n'kutaya. Amati, zimene munthu samva n'zosungiranji? Ndiye kumtundaku kulipo m'kakhadi kako kokhaka."

"Ndiye mukutionetsa nyimbo yosamveka?" anatero Nyenje. "Mawa mutigulitsa nyali yosayaka."

A Mawaya anadina pakompyuta. Anakulitsa mbali yakuda ija.

Sikunali kwakuda konse. Kunali timadontho towala, tondondozana kuyambira koyamba kwa nyimbo mpaka kumapeto, ngati mapazi a nkhuku pamchenga. Dontho lalikulu, tiwiri tating'ono. Dontho lalikulu, tiwiri tating'ono.

"Ndi chiyani?" anafunsa Timba.

"Sindikudziwa. Ndinaziona tsiku lomwelo, ndinkayesa makina a mphwanga ali ndi vuto. Sindinazimverepo. Tiyeni tizimvere limodzi."

5. Mabelu

Anachotsa moto wonse wa pansi, n'kusiya kumtunda kokha. Anadina kuti iyimbe. Kamzere kanayamba kuyenda pachithunzi, kakudutsa timadontho tija, koma masipika anangoti zii.

"Mwamva kukoma kwake?" anatero Nyenje.

"Ikuyimba pano," anatero a Mawaya. "Mpweya wa m'chipinda muno ukunjenjemera, kungoti sitikuumva. Tsopano onani. Mawu ukawachedwetsa amatsika. Ndiwachedwetsa mpaka atsikire pakhomo pathu."

Anadinanso.

Nguu.

Atsikana onse anadzidzimuka. Linali belu, koma osati ngati la kusukulu. Linali lakuya, lozungulira, ngati likulira pansi pa madzi. Lisanathe kulira, awiri ena anayankha mopepuka.

Ngili, ngili.

Nguu. Ngili, ngili.

Kachipinda konse kanadzaza. Mabelu ena aang'ono ankagwa pambuyo pa anzawo ngati mvula ikamayamba padenga. Matileyi a mazira aja, mawaya aja, fungo la sopo lija, zonse zinakhala ngati zasendera kutali. A Mawaya anavula magalasi. Ngakhale Nyenje pakamwa panali pululu, koma osatuluka mawu.

Timba anaona phazi lake lamanzere likuponda lokha. Kuponda kamodzi mwamphamvu, kenako chiuno kawiri. Kuponda, chiuno kawiri. Thupi lake linadziwa mutu usanadziwe. Ndi mmene mayi ake ankavinira potsuka mbale, poyanika zovala, podikira madzi kuti awire.

"Ndi makiyi," anatero Timba.

"Makiyi ati?" anafunsa Nyenje.

"A kusukulu kwawo. Ankawamanga pachingwe m'chiuno, mkati mwa nsalu. Ankapita nawo ku kwaya chifukwa sankadzera kunyumba."

A Mawaya anadzuka. Anatulutsa makiyi awo m'thumba, n'kuwagwedeza pamaso pa maikolofoni, n'kujambula. Anachedwetsa monga anachitira poyamba. M'masipika munatuluka mabelu. Anali ofooka poyerekeza ndi aja, chifukwa maikolofoni yawo sinkafika patali, koma mtundu wake unali womwewo.

Anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndinawaika kutsogolo chifukwa cha kufupika," anatero. "Pafupi penipeni ndi maikolofoni. Ndipo ndinawauza onse kuti, amayi, lero kulibe kuvina, mapazi asokoneza nyimbo. Onse anaima chilili ngati asilikali. Ndinkawayang'ana ndi maso angawa. Sindinaone munthu akuvina."

"Amayi sakanatha," anatero Timba. Anaseka, misozi ikutsika. "Ankavinira mkati mwa nsalu."

Anamvetsera mpaka kumapeto. Pamene nyimbo inkayenda modekha, mabelu ankalira motalikirana, mwaulemu. Pofika pakolasi ankachita kusefukira. Panali malo ena pamene anasiya pang'ono, kenako n'kuyambanso mofulumira.

"Apa ndiye kuti ndinawatembenukira," anatero a Mawaya. "Taonani mayi ameneyu! Kundibera ine!"

Kwaya yonse inali pansi, anthu ambirimbiri osakanikirana. Koma kumtunda kuja, kumene kunalibe wina aliyense, kunali mayi mmodzi yekha.

6. Khadi ndi yako

Mabelu atatha, woyamba kulankhula anali Nyenje. Anayamba motsitsa, zimene sizinali zachizolowezi.

"N'zokoma, Timba. Zoona. Koma mpikisano ndi mawa. A Mawaya asunge zimenezi m'kompyuta mwawomu, khadi atiikire nyimbo zathu. Aliyense akondwe."

Timba anawayang'ana a Mawaya. Iwo anapukusa mutu.

"Ndikhoza kutero, koma mumve kaye. Tsiku limene lija tinajambula nyimbo zambiri, osati imodzi. Zonse ndinazisunga m'makina omwewa. Tsiku lina magetsi anabwera mwaukali, makina anadwala, ndipo atachira anali ataiwala zonse. Maukwati a anthu, makwaya, mawu a nkhalamba zina zimene pano zinagona, zonse zinapita. Ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa. Yatsala ndi iyi yokha, chifukwa mayi ako anaumirira kuti nyimbo imene ankaikonda ndiwaikire pawokha, yathunthu, osachepetsa. Ndinawaseka. Ndinati, mayi, muimvera pa chiyani? Anati, mungondiikira. Makina amenewa ndi okalamba, ana inu. Mukuwamva mmene akupumira? Akhoza kukhala chaka, akhoza kufa mawa. Ine chinthu cha munthu wamoyo ndimasunga, chifukwa chikatayika timajambulanso. Cha munthu amene anapita sindilonjeza. Magule mudzavina chaka chamawa, ndi chinacho. Koma sindikukakamiza, mwanawe. Khadi ndi yako. Ukati fufutani, ndidina."

Chala chawo chinali pabatani.

"Timba," anatero Nyenje, "unalonjeza pamaso pa gulu lonse. Taphunzira gule ameneyu mpaka miyendo kutupa. Ukufuna tikaime pabwalo opanda nyimbo?"

Timba anayang'ana mnzake. Anayang'ananso timadontho tija.

"Tulutsani khadi," anatero.

"Ndifufute kaye?"

"Ayi. Mutulutse mmene ilili."

Nyenje anaimirira. "Ndiye ndikawauze chiyani anzathu?"

"Ndikawauza ndekha. Ndinalonjeza chinthu chimene sindinkachidziwa. Ndalakwa ndine, ndikapepesa. Tikhoza kuyenda m'makalasi mawa m'mawa kubwereka kwa magulu ena."

"Kubwereka kwa anthu amene tikupikisana nawo? Mutu wako ukuyenda?" Mawu a Nyenje anabwerera mwakale. "Mawa usabwere n'komwe. Malo ako tiika wina. Ukavine ndi makiyi akowo!"

Anakankha chitseko, bulangeti n'kugwa pamsomali umodzi. Mapazi ake anamveka m'kanjira muja mpaka kutha.

A Mawaya anakulunga kakhadi m'pepala n'kukaika m'dzanja la Timba.

"Zikupweteka?" anafunsa.

"Eya."

"Zipweteka ndithu. Mnzako si wolakwa, naye ali ndi chake chimene akuteteza."

Timba anapukuta m'maso ndi kolala ya yunifolomu.

"A Mawaya, mutseka nthawi yanji? Kunyumba kuli munthu wina."

7. Agogo

Dzuwa linali lisanalowe pamene Timba anabwerera, atawagwira agogo ake dzanja. Agogo anavala jekete lawo la kutchalitchi. Njira yonse ankang'ung'udza.

"Ukundivutitsiranji, mdzukulu wanga? Ine wailesi ndimaionera ndi maso. Ndikamva chiyani kumeneko?"

A Mawaya anawapatsa mpando n'kuwaveka mahedifoni aakulu. Timba anagwada pafupi n'kuwauza kukhutu, asanawatseke, kuti, "Ndi makiyi a amayi. Ankavina."

Nyimbo inayamba. Agogo anayang'ana khoma. Anadikira. Kenako anapukusa mutu n'kuyamba kuvula mahedifoni aja.

"Ndinakuuza. Mulibe kanthu."

"Dikirani, bambo," anatero a Mawaya. "Khomo lanu lili pansi. Titsitsa mpaka tilipeze."

Anachedwetsanso. Tsopano mabelu anali aakulu moti Timba ankawamva kuchokera kunja kwa mahedifoni, akulira ngati zitsulo zazikulu zogundidwa kutali.

Agogo anasiya manja m'mwamba momwemo.

Maso awo anakula ngati a mwana amene waona ndege koyamba. Kenako nsapato yawo yamanzere inanyamuka n'kuponda pansi. Phewa linagwedezeka kawiri. Inapondanso.

"Mwana wanga," anatero mokweza, poti munthu wovala mahedifoni sadziwa kukula kwa mawu ake. "Mwana wanga uyu! Ali wamng'ono ankabwera kumene ndinkasula zidebe. Ine ndikamenya nyundo yaikulu kamodzi, yaing'ono kawiri, iye ankavina pakhomo. Ndi nyundo zanga izi! Anazisunga m'chiuno zaka zonsezi!"

Misozi inatsikira m'ndevu, koma phazi silinasiye.

"Bwezaninso, bambo. Musathamange nayo. Musiyeni avine."

A Mawaya anabweza. Timba anatsamira bondo la agogo ake, akumva kuponda kuja kukudutsa m'fupa mpaka m'mutu mwake.

Ali choncho, bulangeti la pachitseko linasuntha.

Anali Nyenje. Anali atavula yunifolomu, ndipo maso ake anali ofiira. Sanamuyang'ane Timba. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuonera nkhalamba ikuvina pampando. Kenako anayenda mpaka patebulo n'kuikapo kafoni kakale, kosweka galasi, komangidwa ndi labala.

"Za gule sindinakukhululukire," anatero, akuyang'anabe kumbali. "Sindinabwerere zimenezo."

Anakankhira kafoni kaja kwa a Mawaya.

"Ndi ya achimwene anga. Anajambulamo akuyimba gitala, mwezi umene anamwalira pangozi. Kunyumba palibe amene amaitsegula." Anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Mungayang'ane kumtunda kwake? Mwina nawonso aliko."

A Mawaya anatenga kafoniko. Anakatembenuza uku ndi uku. Anayang'ana Timba, ndipo Timba anakumbukira zimene makina ochepetsa nyimbo amachita ndi za pamwamba pa mzere: amazidula n'kutaya.

Nyenje anali akudikira, manja onse atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Khala pansi, mwanawe," anatero a Mawaya. "Timba, mupatse mnzako mpando."